Mpefu umene ndinadzalira apongozi

Pali nthawi ina pamoyo wanga imene sindinkatha kudutsa mtengo osautsina tsamba. Ndinkachita zimenezi pamsika, pachipatala, ngakhale pamaliro. Ndinkathothola tsamba, n'kulipana ndi zala ziwiri, n'kutsinzina pang'ono ngati sing'anga, kenako n'kuuza aliyense amene wayandikira kuti uwu ndi mtengo wothamanga kapena waulesi. Palibe ankandifunsa. Amuna anga anafika pomayenda patsogolo pang'ono tikamapita kutchalitchi, kuti anthu asamaganize kuti tili limodzi.

Matendawa ndinawatenga kuntchito. Ine kwathu ndi ku Dedza, kozizira, koma boma linanditumiza ku Karonga kukagwira ntchito ya zankhalango, ndipo ndinakwatiwa komweko. Ntchito yanga yambiri inali ya kunazale: kudzaza dothi m'machubu, kugawa mbande, ndi kukangana ndi anthu ootcha makala. Ndiye chaka china kunabwera ofufuza ochokera kuyunivesite ina, akufuna munthu wowaperekeza m'mapiri a kumtunda kwa Wovwe. Abwana analoza ine. Ndinanyada sabata yonse, mpaka nditazindikira kuti anzanga aamuna anali atakana kale, atamva kuti kumeneko ndi zitunda zokhazokha.

Anthuwo ankafuna kudziwa ngati munthu angayang'ane tsamba, thunthu ndi njere za mitengo, n'kuneneratu kuti nkhalango imeneyo ikula msanga bwanji ndipo ipereka mitengo yochuluka bwanji. Tinkazunguliza tepi pathunthu la mtengo uliwonse. Tinkadula nthambi za pamwamba ndi kachikwakwa komangirira kunsonga ya nsungwi. Masambawo tinkawapana ndi kachipangizo kofanana ndi pulayala kuti tione kukhuthala kwake, kenako kuwaumitsa mu uvuni n'kuwayeza pasikelo yaing'ono yomwe inkasokonezeka ngakhale ndi mpweya wa m'mphuno. Panalinso chobowolera chimene chinkatulutsa kamtengo konga pensulo kuchokera mkati mwa thunthu, kuti tione ngati mtengowo ndi wolemera kapena wopepuka. Ine ntchito yanga inali yonyamula nsungwi ija ndi kuthamangitsa linthumbu, koma makutu ndinali nditatchera.

Mtsogoleri wawo anali mayi wina woonda, wosatopa, amene ankakwera phiri akulankhula. Iye ndi amene anandifotokozera nkhani yonse tsiku lina tikupuma. Mtengo wa masamba opyapyala, thunthu lopepuka ndi njere zing'onozing'ono umakula mothamanga, umamwa madzi ambiri, ndipo sukhalitsa. Wa masamba okhuthala ngati chikopa, thunthu lolemera ndi njere zazikulu umakula mosafulumira, koma umaika m'manda amene anaudzala pamodzi ndi ana ake. Anawonjezera kuti zimenezi zimayenda bwino ukamanena za nkhalango yonse, chifukwa mtengo umodzi uli ndi zake: pamene waima, dzuwa limene ukulandira, dothi, madzi, ndi zina zimene sikelo siiona. Ndinagwedeza mutu mwaulemu. Koma kunena zoona, gawo lachiwirilo linalowera khutu ili n'kutulukira linalo, chifukwa gawo loyamba linali litandisandutsa kale mneneri.

Kunyumba moyo unali wina. Banja la amuna anga ndi la Ankhonde amene anabwera ku Wovwe kalekale kudzalima mpunga pasikimu ya ulimi wothirira, ndipo mwambo wawo sanausiye panjira. Mkazi wa mwana, amene kumeneko amamutcha mkamwana, sayang'anana ndi apongozi ake aamuna. Salankhulana, sakhala malo amodzi, ndipo dzina lawo salitchula. Mukakumana panjira mwangozi, iwe mkamwana umapatukira kutchire n'kudzifunda chitenje kumutu mpaka adutse. Mabanja ambiri anazisiya kale zimenezi, koma apongozi anga ayi. Anali mkulu wampingo, anagwirapo ntchito ku Blantyre ali mnyamata, wailesi sinkachoka pakhutu pawo, koma pamwambo uwu sankasuntha. Ndinkawadziwa ndi chifuwa. Akamachoka pakhomo pawo ankatsokomola dala, kuti ngati ndili panjira ndithawe. Nyumba yathu inali pamalo omwewo, koma kuseri kwa mzere wa nthochi, khomo lake litafulatira la makolo, kuti njira zathu zisamakumane.

Poyamba zinkandipsetsa mtima. Ine munthu wa pa payirolo ya boma, wovala yunifomu, kudumphira m'chinangwa chifukwa cha chifuwa cha munthu! Koma ndinazolowera, ndipo ndinazindikira kuti mkuluyo sankandida. Mpunga woyamba kupuntha unkafika kwanga. Nditadwala, nkhuku yawo ndi imene inafa. Tinkakondana ngati anthu okhala tsidya ndi tsidya la mtsinje wopanda mlatho.

Pabwalo pawo panali mtengo wa mango waukulu, ndipo moyo wawo wonse wa ukalamba unali pansi pake. Chimphepo cha dzinja lina chinauzula ndi mizu yomwe. Mwamwayi unagwera kumunda, osati padenga, ndipo tonse tinathokoza Mulungu mpaka chilimwe chitafika. Amene sanakhalepo ku Karonga mwezi wa Okutobala asandiuze za kutentha. Nyumba ya apongozi inali ya malata, yopanda siling'i, ndipo masana simunkakhalika. Iwo nthawi imeneyo miyendo inali itayamba kutupa, mpweya ukuperewera, moti sakanatha kuyenda mpaka kumitengo ya m'mbali mwa ngalande za sikimu kumene akuluakulu anzawo ankacheza. Ndinkamva kuchokera kuseri kwa nthochi mpando wawo ukukwekwerezedwa, akuzungulira nyumba kutsata kamthunzi kakang'ono ka m'mbali mwa khoma. Dzuwa likafika pamutu, kamthunziko kankathera, iwo n'kungofunda thaulo lonyowa.

Uthenga unabwera ndi mlamu wanga, mng'ono wa amuna anga, mzimayi wa pakamwa posatseka amene ankagulitsa mpunga ku Uliwa. Ndiye anali wonyamula mawu pakati pa ine ndi bambo ake.

"Mulamu, adada akuti inu ndimwe a mitengo," anatero atakhala pakhonde langa. "Akuti muwapezere mtengo wakuti adzakhale pamthunzi iwo eni. Za kudzalira zidzukulu akuti yayi, zidzukulu zidzadzionera zokha."

Ndikanakhala munthu wabwinobwino ndikanamva chisoni choyamba. Ine ndinamva kukoma. Kwa nthawi yoyamba munthu anandifunsa za mitengo popanda ine kumukakamiza, ndipo munthu wake anali yemweyo amene sankaloledwa kundimva ndikulankhula.

Ndinayamba kuyesa mitengo m'mutu mwanga ngati oweruza milandu. Mango ndinawakana, tsamba lake ndi lokhuthala, sathamangira munthu. Mbawa ndi mtengo wa anthu okhala ndi nthawi. Malaina amathamanga ndithu, koma amavula masamba onse nthawi yomweyo ya dzuwa imene ukuwafuna. Mlamu wanga anatchula nimu, umene uli pakhomo lililonse ku Karonga ndipo suopa chilala. Ndinamupatsa zifukwa zambiri zoukanira, koma chifukwa chenicheni chinali chakuti nimu ndi mtengo umene munthu aliyense wosakwera mapiri ndi ofufuza akanautchula.

Ndinasankha mpefu. Ndinauona kumapiri kuja, pamalo pamene chimtengo chachikulu chinagwa n'kusiya mpata wa dzuwa. Mitengo ina yonse inali idakali timbande, mpefu utafika kale kumwamba, nthambi zake zitatambasuka ngati ambulera. Tsamba lake ndi lopyapyala, lokakala pang'ono, njere zake ndi timbewu timene mbalame zimameza osazindikira, ndipo thunthu lake ndi lopepuka moti mpeni wa kukhitchini umalowa. Zizindikiro zonse zinali pamenepo. Mvula itayamba ndinakwera ndekha kumtsinje wa kumapiri kuja, ndinakumba kambande kamodzi ndi dothi lake, n'kukanyamula m'jumbo ya shuga, nditakakumbatira panjinga yamoto ngati khanda.

"Kawauzeni adada," ndinauza mlamu wanga, "kuti mvula yachitatu ikadzatha, adzakhala pamthunzi."

"Eee, mulamu! Mwapangana na Chiuta?"

"Sindinapangane ndi aliyense. Gwirani tsambali mumve nokha."

Analigwira, anandiyang'ana, n'kupita. Atabwerako anati, "Akuti ndagha, athokoza. Akuti ayesetsa kudikira."

Mawu amenewo anandilowa ngati minga. Kuseka kunandithera, ndipo kuchokera tsiku limenelo kambandeko ndinakaona ngati mpikisano pakati pa iko ndi miyendo yotupa ija.

Tsono apa ndi pamene nzeru zanga zinaonekera bwino. Mtengo wa tsamba lopyapyala umamwa madzi ngati ng'ombe, ndipo pabwalo pa apongozi panali pouma, pa dothi logogomeka. Ndinazungulira malo onse ndikufunsa kuti ndi pati pamene pamanyowa chaka chonse popanda munthu kunyamula ndowa. Yankho linali loonekeratu: pafupi ndi thandala langa, pamene ndinkataya madzi otsukira mbale ndi otsukira mpunga, chapafupi ndi khitchini, moyang'anana ndi khomo la nyumba yanga. Ndinakumba dzenje pamenepo ndikuimba nyimbo.

Mlamu wanga anandipeza ndikukwirira. Anaima, manja m'chiuno.

"Apa nadi, mulamu? Zoona?"

Ndinamufotokozera za madzi. Ndinamufotokozera za timabowo ta pansi pa tsamba timene mtengo umapumira, ndi momwe tsamba lopyapyala limatayira madzi dzuwa likatentha. Ndinalankhula mpaka mzimayi amene sanagonjepo pamkangano wa pamsika ananyamula lichero lake n'kuchoka osatsanzika. Ine ndinaona ngati ndapambana.

Mpefu sunandichititse manyazi. Ndinautchingira ndi njerwa ndi minga chifukwa cha mbuzi, ndipo mvula yoyamba isanathe unali utandipitirira msinkhu. Ndinkauyeza ndi tepi ya kuofesi pafupipafupi kuposa momwe ndinkayezetsera mwana wanga kusikelo. Mvula yachiwiri unapyola denga. Ndinkaujambula pafoni n'kutumizira mayi wofufuza uja, iye n'kuyankha ndi kachithunzi ka chala chachikulu, ine n'kumaonetsa anthu kachalako ngati satifiketi. Mbalame zinayamba kubwera kudzadya njere n'kuipitsira mbale zanga pathandala, koma ndinkangotsukanso mosadandaula. Kuseri kwa nthochi chifuwa chija chinali chidakamveka, ndipo m'mawa uliwonse ndikachimva ndinkati, tidakali limodzi.

Mvula yachitatu inatha. Chilimwe chitafika, mitengo ina itayoyola masamba, mpefu wanga unali wobiriwira, nthambi zitaphimba kuyambira pathandala mpaka pakhomo panga. Ukaima pansi pake unkamva kamphepo kumsana. Ndinasesa bwinobwino, ndinauza mlamu wanga kuti akanene kuti mthunzi wapsa, n'kuyamba kudikira.

Mkuluyo sanabwere. Sabata inatha, ina n'kutha. Mpando unali kukwekwerezedwabe kuzungulira nyumba ya malata ija. Ine mtima unayamba kuwira. Ndinaganiza kuti mwina akuunyoza mtengowo chifukwa ndi wa kutchire, kapena sakufuna kuvomereza kuti mkamwana wa ku Dedza analosera zoona. Amuna anga ankaphunzitsa ku Chilumba ndipo ankabwera kumapeto a sabata. Loweruka lina sindinawapatse ngakhale mpata wovula nsapato.

"Bambo anu ndawalakwira chiyani? Anapempha mthunzi, ndawapatsa mthunzi. Akufuna ndiwalembere kalata yowaitana?"

Anakanda m'mutu, n'kuyang'ana mtengowo, n'kuyang'ana khomo la nyumba, thandala, chingwe chimene ndinkayanikapo zovala zanga, ndi bafa la udzu pambali pake.

"Mayi a mwana," anatero motsitsa mawu, "adada angakhale bwanji apa? Apa ndi pakhomo pako."

Ndinakhala pamtondo wosinjira umene unali pafupi. Zaka zonsezo mwambo uja ndinkauona ngati nkhani ya maso, yongopewa kuyang'anana panjira. Sindinaganizepo kuti uli ndi malo ake, kuti bwalo la mkamwana, pamene amaphikira, kusamba ndi kuyanika zovala, ndi pamalo pamene apongozi aamuna sapondapo. M'mutu mwanga mpando unali chinthu chongonyamula. Ndinayeza tsamba, ndinayeza thunthu, ndinaganizira madzi ndi mbuzi, n'kudzala mthunzi wa mkuluyo pamalo amodzi okha padziko lonse pamene sakanatha kukhalapo.

"Nanga bwanji simunanene nthawi yonseyi?"

"Poyamba tinkayesa ukungoulera kuti udzauwokere kwa adada. Titaona kuti wakula, aliyense ankati wina anene." Kenako anawonjezera, "Komanso ine ndinkaopa kuti undiphunzitsanso za masamba."

Ndinalira, ndipo sikunali kulira kwa munthu wodzichepetsa. Kunali kwa ukali ndi manyazi. Kuzula mtengo wopyola denga sikukanatheka. Tsiku lotsatira ndinatumiza mbande ina kuti akaidzale pabwalo pa apongozi, n'kulonjeza kuti madzi ndizitunga ndekha m'mamawa iwo asanatuluke. Koma apa nzeru zanga zomwezo ndi zimene zinandipweteka. Munthu wina akanadzinamiza kuti mwina ikula msanga. Ine ndinkadziwa bwino lomwe nthawi imene mbandeyo inkafuna, ndipo ndinali nditamva zimene a chipatala anauza amuna anga za mtima wa bambo awo. Nthawi imeneyo panalibe.

Ndinapita kwa apongozi aakazi, amene ndinkamasuka nawo, nditakonzeka kugwetsa mwambo wonse tsiku limodzi. Ndinawapeza akupeta mpunga kuseri kwa khitchini yawo. Ndinati dziko linasintha, anthu ena akudya patebulo limodzi ndi azipongozi awo ndipo palibe wafa. Ndinati munthu akupsa ndi dzuwa pamene mthunzi uli pompano, chifukwa cha lamulo limene silinalembedwe m'buku lililonse. Anandisiya ndilankhule mpaka mawu atandithera, manja awo osasiya kupeta.

"Mwana wane," anatero, "munthu uyu fodya anamuletsa. Mchere anamuletsa. Kumunda sapita, kutchalitchi amunyamula. Chimene chatsala chakuti achite yekha monga anachitira awiske, bambo ake omubereka, ndi chimenechi. Mukufuna timulande nachonso?"

Ndinatola mankhusu pansi n'kumawaseweretsa. Kenako ndinafunsa kuti, nanga pakhomopo patakhala kuti si pakhomo panga masana? Anasiya kupeta n'kundiyang'ana.

Zokambirana zinatenga masiku, mlamu wanga akuyenda uku ndi uku ngati mkhalapakati wa maukwati. Mapeto ake tinagwirizana. Bafa tinalisamutsira kuseri kwa nyumba. Chingwe cha zovala ndinachimasula. Thandala linatsala, chifukwa ndinaumirira kuti mtengo ukufuna madzi ake, ndipo pa ichi chokha anandimvera. Ine ndinkayenera kuchoka m'mawa, chitseko n'kutseka. Dzuwa likakwera, apongozi aakazi ankanyamula mpando, mkuluyo n'kutsatira pang'onopang'ono ndi ndodo kudutsa panthochi paja. Madzulo akabwerera kwawo, apongozi aakazi ankandiflashira pafoni, ndipo pamenepo ndi pamene ndinkaloledwa kubwera kunyumba kwanga.

Masiku a ntchito zinali zosavuta, kungoti ndikaweruka msanga ndinkakhala panazale ndikucheza ndi machubu. Vuto linali Loweruka ndi Lamlungu. Ndinalowa kwaya, ine amene mawu anga amathawitsa nkhuku. Ndinalowa gulu la amayi loyendera odwala. Ndinayendera anthu amene sindinkawakonda, n'kukhala pamakonde awo mpaka nkhani zitatha, iwo akudabwa kuti chikondi chimenechi chachokera kuti. Abusa anafika ponditchula paguwa monga chitsanzo cha mayi wodzipereka. Nthawi zina ndinkangokhala pamlatho wa ngalande, thukuta lili kamukamu, foni ili m'manja, katswiri wa mitengo yothamanga wopanda ngakhale tsamba limodzi pamutu.

Koma ndikafika kunyumba ndinkapeza timaenje tinayi ta miyendo ya mpando pafumbi, ndi mzere wa ndodo, nthawi zina makoko a nthochi. Mlamu wanga ankandiuza kuti adada agona tulo masana koyamba chigwereni mango aja, kuti anzawo a kungalande ayamba kubwera ndi bawo, kuti akuuza aliyense kuti mtengo uwu unachokera kumapiri panjinga yamoto. Ndinkamvetsera ngati sizikundikhudza, kenako n'kumufunsanso kuti abwereze. Chimene chinkandiwawa chinali chimodzi: ndinkafuna kuona ndi maso anga, ngakhale kamodzi, munthuyo atakhala pamthunzipo, ndipo ndinkadziwa kuti ndine ndekha m'mudzi monse amene sindidzaona.

Tsiku lina chakumapeto kwa chilimwe chomwecho malungo anandigwira ndili kuntchito. Anayamba ndi kuphwanya m'thupi, pofika masana ndikunjenjemera pakati pa kutentha konseko. Abwana anandikweza kabaza wa njinga yamoto kuti ndikagone. M'mutu munali mukulira ng'oma, moti za pangano lathu ndinazikumbukira wakabaza atanditsitsa kale pamsewu n'kubwerera. Ndinaimbira apongozi aakazi, foni osayankhidwa. Ndinaimbira mlamu wanga, chimodzimodzi. Kenako ndinakumbukira kuti m'mawa kunamveka za maliro kutsidya kwa sikimu. Mudzi wonse unali kumeneko.

Ndinayenda mwakachetechete kudzera m'munda wa chinangwa umene unali moyang'anana ndi khomo langa, ndikuyembekeza kuti mwina lero sanabwere. Anali pomwepo. Ndinaona miyendo ya mpando, ndi mapazi awiri otupa atasanjikidwa pa kachitsa, ndipo ndinagwetsa maso msanga. Anali okha. Nyumba yathu inali ndi khomo limodzi, ndipo kuti ndilowe ndinayenera kudutsa pafupi penipeni ndi mapazi amenewo.

Ndinanjuta m'chinangwamo n'kudzifunda chitenje. Chinangwa cha mwezi umenewo chimakhala ndi timasamba towerengeka kunsonga, mthunzi wake sungakwane ngakhale buluzi. Dothi linkaotcha kudutsa m'nsapato. Ndinaganiza zokhosomola kuti adziwe, koma ndinaona kuti akadziwa adzadzuka okha, popanda wowagwira dzanja, kuyesa kubwerera padzuwa limenelo, ndipo akagwa panthochi paja sindikanatha ngakhale kuwadzutsa. Ndinaganiza zobwerera kumsewu, miyendo inakana. Ndinangoti ndidikira, anthu a kumaliro abwera. Mano anali kugundana, ndipo ndinaluma chitenje kuti asamveke.

Sindikudziwa kuti ndinakhala nthawi yaitali bwanji. Ndinangomva mpando ukulira pang'ono, kenako mawu. Ndinali ndisanawamvepo pafupi chonchi. Anali mawu otopa, opumira pakati, ndipo sanalankhule Chinkhonde chimene ankalankhula ndi a m'nyumba mwawo. Analankhula Chichewa, chakale, cha ku Blantyre kwa unyamata wawo.

"Iwe mtengo," anatero. "Iwe mtengo, ukundimva? Ukumuona munthu wakhala padzuwa uko? Chinangwa sichibisa munthu."

Ndinadzifinya m'chitenje changa, iwo n'kupitiriza.

"Njinga ndinaimva kalekale. Ndimati mwina apita kwa anzake. Tsono umuuze, iwe mtengo, kuti nyumba ndi yake. Adutse alowe. Ine maso ndatseka, ndipo nkhope ndalozetsa kunthochi."

Ndinadzuka movutikira. Chitenje ndinachikokera mpaka pamphuno, ndikungoona pansi pokha. Nditachoka padzuwa n'kulowa pansi pa nthambi zija, kuzizira kunandigwira pakhosi ndi m'mapewa, ndipo misozi inangoyamba yokha. Ndinadutsa pambali pa kachitsa kaja ndikumva kupuma kwawo, kolemera, kwa mluzu. Kiyi anandivuta chifukwa cha kunjenjemera, ndinamugwetsa, ndinamutola, iwo ali chete. Ndinalowa, ndinatseka, n'kudzigwetsa pamkeka kuseri kwa chitseko.

Nditagona pamenepo ndinazindikira kuti kunja kudakali zii. Munthu wa mawu ake ngati ameneyo akanatha kukhala chitsinzinire, khosi litapindikira kunthochi, mpaka anthu atabwera kumaliro. Ndinakwawira pawindo, ndinalitsegula pang'ono, n'kuyang'ana m'mwamba kunthambi.

"Mtengo iwe," ndinatero, ndikudzimva kupusa kwake, "uwauze adada kuti munthu uja walowa. Atsegule maso." Chinkhonde changa chinali cha mawu ochepa, koma awa, othokozera kwambiri, ndinkawadziwa. "Uwauzenso kuti ndagha fijo."

Kunja kunamveka kuseka, kumene kunasanduka chifuwa, chifuwacho n'kutenga nthawi kuti chikhazikike.

"Wamva, mtengo?" anatero. "Umuuze amwe mankhwala."

Anakhala pamthunzipo masana onse otsala a chilimwe chimenecho, ine nditachira n'kubwerera ku kwaya yanga ndi pamlatho panga. Anamwalira mvula yoyamba itangogwa, m'nyumba mwawo, m'mawa. M'zaka zonse zimene ndinakhala mkamwana wawo, kucheza kwathu kunali komweko basi, ndipo tonse awiri tinali titayang'ana kumbali.